Kusukusula M'maŵa

Pamene ndinali mwana ndinkadana ndi kusukusula, makamaka m'mwezi wozizira wa June. Tsiku lina agogo anga, amene sankapenya bwino, anandiitana nati, "Mdzukulu wanga, maso angaŵa anawonongeka ndi nthenda imene ntchentche zimafalitsa. Ntchentche zimakonda nkhope ya manthongo ndi mamina."

Atatero anandiphunzitsa kasukusulidwe kabwino. Poyamba ndinkasamba m'manja ndi sopo. Kenaka ndinkanyowetsa nkhope ndi kupaka thovu pamphumi, m'masaya, pamphuno ndi pachibwano, nditatsinzina. Pomaliza ndinkatsukuluza ndi madzi oyera a m'chikho kufikira nkhope itasiya kuterera, pakuti sopo wotsalira amaumitsa khungu ndipo amaŵaŵa m'maso. Agogo sankalola kuti ana aŵiri apukutire kansalu kamodzi, chifukwa nthendayo imayendanso pansalu ndi pazala.

Nditakula ndinadziŵa kuti dzina la nthendayo ndi trachoma. M'chaka cha 2022 bungwe la WHO linatsimikiza kuti nthendayi siilinso vuto lalikulu m'Malaŵi. Nditamva zimenezi ndinakumbukira agogo aja. Ana inu, musukusule m'maŵa uliwonse kuti nthendayi isabwerenso.