Kodi Wolemera Akaberedwa Tisamumvere Cifundo?

Mu Epulo 2016 mphekesera za kupha anthu pofuna zizimba zinafala m'makomboni a Lusaka. Khamu la anthu linathyola masitolo oposa 60 a anthu a ku Rwanda ku George, Matero, Kanyama ndi Chawama. Ena anadzitonthoza poti eni masitolowo ndi olemera, sadzamva kuwawa.

Komatu ambiri mwa iwo anali othawa nkhondo, amene anapeza cumaco ndi thukuta lao. Katundu wofunkhidwayo anatha m'masiku owerengeka, njala niikhalabe pakhomo, ndipo amai ogula ufa wa pamela anapeza zitseko zotseka.

Kusiyana kwa olemera ndi osauka nkoona ndithu, koma kuba sikucotsa umphawi. Mnzako akapsa ndevu mzimire.