Maluwa a pa foni anafika ku Kambombo atapsa

Ine ntchito yanga ndi kulondola oyimba m'mabala a mu Lusaka, za kudimba sindinaphunzire. Koma tsiku lina pa Facebook ndinaona nazale ina ikugulitsa ma rose ofiira na timitengo ta mango tolumikiza. Mtima unapita kwa ambuya ku Kambombo, pafupi na boma ya Chama. Ndinati nawo pakhomo pawo pawale. Ndinakamba na wogulitsa pa WhatsApp, ndalama n'kutumiza pa foni, iye n'kukweza katoni pa basi pa Intercity. Unali mwezi wa October.

Anzanga, ku Chama n'kutali. Basi imatenga Great East Road, kuwoloka mlatho wa Luangwa, kupita Nyimba, Petauke, Katete mpaka Chipata, makilomita opitirira 550. Kuchoka apo ndi Lundazi, ndiye muyambe kutsikira kuchigwa mu mseu wa fumbi na maenje. Katoni yanga inagona pansi pa basi, pakati pa masaka na zigubu. Inafika patapita masiku awiri.

Ambuya anaimba foni. "Iwe mzukulu, wanitumizira ndiwo zophika kale?" Ma rose onse anali atapsa. Pa mango zinayi, imodzi chabe ndiyo inali kupuma. Wogulitsa anangoti, "Boss, ise tinapakira bwino." Ndalama ya theka la lendi inapita choncho.

Mu December ndinagulanso, koma manje ndinapita nayo ndekha. Mango zitatu na malalanje atatu, katoni yoboola m'mbali, ili pamiyendo panga ulendo wonse. Kondakita anaseka, ati ba sister mwanyamula mwana. Pa Katete ndinagula madzi a m'botolo, theka ine, theka mitengo.

Kambombo ndi dziko la Asenga, kwa mfumu yaikulu Kambombo, kumene kumachitika mwambo wa Kwenje. Chilankhulo chawo chili pafupi na Chitumbuka, moni wake ndi "muli uli". Boma ya Chama anaichotsa ku Eastern Province mu 2011 kupita ku Muchinga, mu 2021 n'kuibwezanso. Ambuya amati maofesi ndiwo amasamuka, dzuwa silisamuka. Ndi zoona. Kuno ndi chigwa cha Luangwa, October amawotcha mpaka nkhuku kuyasama pansi pa nkhokwe. Mvula ikagwa madambo amadzaza, anthu n'kulima mpunga wa Chama uja wonunkhira umene timaulimbirana m'mashopu mu Lusaka. Ena amalima thonje. Ndiye rose wozolowera kuthiriridwa na paipi ku Kabulonga akanachita bwanji kuno?

Amalume ndiwo anandiphunzitsa zimene wogulitsa sanalembe pa Facebook. Mitengo tinaisiya pamthunzi masiku atatu kuti itsitsimuke. Tinakumba maenje ofika m'bondo, dothi lapamwamba n'kusakaniza na manyowa owola bwino, chifukwa osawola amaitana chiswe. Pepala lakuda tinaling'amba mosamala kuti dothi la kumizu lisagumuke. Anandionetsa chipsera pamene analumikiza mtengo. Chimenecho chikhale pamwamba pa dothi, ndipo mphukira iliyonse yotuluka pansi pake muziithyola. Mukaisiya, lalanje lanu lidzabala mandimu, pakuti tsinde lapansi kawirikawiri limakhala la ndimu. Mango yolumikiza imabala pa zaka zitatu kapena zinayi, pamene ya njere imachedwa kwambiri.

Kenako minga. Mtengo uliwonse tinauzinga na nthambi zaminga chifukwa cha mbuzi. Ndinafunsa za njovu, poti kuchigwa kuno zimalowa m'minda. Amalume anangoseka. "Njovu ikafuna mango yako, uipatse moni."

Chimene chinandichititsa manyazi n'chakuti kuseri kwa nyumba ya aneba kunali kale kanazale kakang'ono, mbande za gliricidia zimene alimi amabzala m'minda kuti nthaka ibwerere. Bungwe la COMACO, lomwe limagulanso mpunga kuchigwa, lakhala likulimbikitsa mtengo umenewu. Mbande zomerera pompo, zozolowera dzuwa lomwelo, zosakwera basi.

Ndiye imwe amene mufuna kutumiza mitengo kumudzi, yembekezani mvula ikhazikike. Funsani a kumudzi chimene chimamera kwawo na amene adzatunga madzi mu September. Muuze wogulitsa akutumizireni chithunzi cha mbande yeniyeniyo, osati cha pa intaneti. Ngati n'kotheka gulani pafupi, ku Chipata kapena ku Lundazi, ulendo ufupike.

Sabata yatha ambuya anaimbanso. Pa mitengo isanu na umodzi ija, isanu yaphuka masamba atsopano. Umodzi mbuzi inapeza mpata. Za ma rose anati ndisavutikenso, maluwa a maungu alipo ambiri ndipo amadyeka.