Tinapita ku Mpikisano wa Njinga, Tinakapeza Mwera

Inu amene munakulira m'mphepete mwa nyanja mumaudziwa mwera. Ukayamba, ngalawa zimakokeredwa pamchenga, asodzi n'kukhala pansi kusoka maukonde. Ine sindinkadziwa kuti mphepo yomweyi, yochokera kum'mwera chakum'mawa, ingaimitse anthu 35,000 pamtunda pouma. Ndinakazionera ndekha ku Cape Town m'chaka cha 2017.

Muphwa wanga amagwira ntchito ku Johannesburg, ndipo nthawi imeneyo ndinali nditapita kukamuona. Mnyamatayu anaphunzira kupalasa njinga kumudzi atanyamula dengu la usipa pakaliyala, koma kumeneko anagula njinga yopepuka, yamagiya, ya matayala opyapyala ngati chala. Analembetsa mpikisano wa Cape Town Cycle Tour, umene ambiri amangouti Argus. Mpikisanowu unayamba m'chaka cha 1978, umachitika mwezi wa Marichi, ndipo ndi wa makilomita 109 kuzungulira ndomo ya dziko imene yalowa m'nyanja yamchere.

Kukonzeka kwake kunali kwa miyezi. Ankadzuka m'bandakucha kukapalasa asanapite kuntchito, Lamlungu n'kupalasa mpaka dzuwa litafika pamutu. Ankalota zitunda ziwiri: Chapman's Peak, pamene msewu unasemedwa m'thanthwe nyanja ili m'munsi, ndi Suikerbossie, chitunda chimene munthu amachipeza potuluka mu Hout Bay miyendo itatha kale. Chimene chinkamulimbitsa mtima n'chakuti Johannesburg ili pamtunda, mamita oposa 1,700 kuchokera pa nyanja, kotero wozolowera mpweya wopepuka wa kumeneko amapuma bwino akatsikira kunyanja.

Usiku woti mawa tinyamuka anayala zonse pamkeka: machubu awiri, pampu, zigamba, mafuta a tcheni, chipewa choteteza mutu, mabotolo a madzi. Anaona mabuleki, n'kumanga masipoko. Njingayo anaichotsa matayala naikulunga m'bulangete limene ndinkafunda ine. Nditadandaula anati, "Amalume, pepani, inu simungakandike koma iyi." Ndinangoseka.

Kuchoka ku Johannesburg kufika ku Cape Town ndi makilomita pafupifupi 1,400 pamsewu wa N1. Tinakwera galimoto ya mnzake. Mpaka ku Bloemfontein munali minda ya chimanga. Titadutsa Colesberg tinalowa m'chigawo chouma cha Karoo, ndipo apa m'pamene mtima wa munthu wa kunyanja umasowa pogwira: kulibe mgwalangwa, kulibe mudzi, zitsamba zokhazokha ndi nkhosa apo ndi apo. Tinagona ku Beaufort West. Galimoto zambiri zimene zinkatipitirira zinali zitasenza njinga kumbuyo, zina zitatu, zina zinayi. Mawa lake tinatsikira m'minda ya mphesa cha ku Worcester, tinaboola phiri pa Huguenot Tunnel, ndipo posakhalitsa phiri lathyathyathya la Table Mountain linaonekera patsogolo.

Loweruka anakatenga nambala yake. Madzulo anadya mpunga wambiri ndi nthochi, nyama pang'ono chabe, nagona msanga. Ine tulo sindinatione chifukwa mawindo ankagwedezeka usiku wonse. Eni mudziwo mphepo imeneyi amaitcha Cape Doctor, ati imasesa utsi ndi fumbi mumzinda. Dokotala wanji wotere?

Lamlungu pa 12 Marichi tinafika poyambira, pa Hertzog Boulevard, kusanache. Pamalopo msewu umadutsa pansi pa nyumba yaitali, ndipo mphepo inkapanikizika pamenepo ngati madzi m'paipi. Ndinaona amuna amphamvu akugwetsedwa, ena atagwira njinga pahandulo iyo ikuuluka m'mwamba ngati nsalu pachingwe. Mphepoyo inkafika liwiro la makilomita 100 pa ola. Magulu oyamba anali atanyamuka kale pamene akuluakulu a mpikisano analengeza kuti zonse zalephereka. Anaopa kuti anthu angakankhidwire kuphompho pa Chapman's Peak. Komanso dzulo lake moto unali utapsereza zisakasa zambirimbiri ku Imizamo Yethu mu Hout Bay, m'njira yomweyo ya mpikisano, kotero misewu inkafunika kwa opereka chithandizo.

Ena anakwiya, poti anachokera kutsidya kwa nyanja ndipo anaononga ndalama zambiri. Ine ndinaona kuti akuluakuluwo anachita bwino, koma sindinanene. Muphwa wanga anali atakhala pansi m'mbali mwa msewu, njinga ataigoneka n'kuipanikiza ndi miyendo. Patapita nthawi anati, "Amalume, agogo akanakhalapo akanati, uli ndi ana iwe, kokera ngalawa kumtunda."

Lolemba tinakulunganso njinga m'bulangete langa. Nambala ija sanaitaye, anaipinda bwinobwino naiika m'chikwama pamodzi ndi pasipoti. Tisanafike n'komwe ku Beaufort West anali atayamba kale kufunsa mnzake uja kuti kodi kalembera wa chaka chamawa amatsegula mwezi wanji.