Kodi Mwana wa Mbewa Amabadwa ndi Mantha a Bambo Ake?

Mphwanga,

Ganizo loti nyama imapatsira ana ake zimene yaphunzira ndi lakale, koma amene anatchuka nalo ndi Jean-Baptiste Lamarck wa ku France. M'buku lake la mu 1809 ananena kuti chiwalo chogwiritsidwa ntchito kwambiri chimakula, ndipo ana amabadwa nacho chokulirapo. Kwa iye, kadyansonga anatalika khosi chifukwa makolo ake ankanyanyamphirira masamba a m'mwamba.

M'zaka za m'ma 1880, August Weismann wa ku Germany anadula michira ya mbewa kwa mibadwo isanu, koma ana onse ankabadwa ndi michira yathunthu. Komabe kudulidwa mchira si kuphunzira, choncho nkhani ya khalidwe sinathere pomwepo.

Mu 1923 Ivan Pavlov analengeza kuti mbewa zophunzitsidwa kuthamangira chakudya belu likalira zimabereka ana ophunzira msanga. Pambuyo pake anabweza mawu. William McDougall ananena zofanana za makoswe ophunzitsidwa njira yotulukira m'thanki la madzi. Ofufuza a ku Melbourne atabwereza zimenezi kwa zaka 20, anapeza kuti makoswe a makolo osaphunzitsidwa nawonso ankapita patsogolo mofanana.

Vuto lagona pa kulekanitsa chibadwa ndi maleredwe. Mu 2004 gulu la Michael Meaney ku Montreal linaonetsa kuti tiana ta khoswe tonyambitidwa kawirikawiri ndi mayi timakula topanda mantha ambiri, chifukwa kunyambitako kumasintha momwe mbali ina ya DNA imagwirira ntchito mu ubongo. Kamwana kakaleredwa ndi mayi wina, kamatengera woleraye, osati wobereka.

Brian Dias ndi Kerry Ressler a ku Emory University ku Atlanta anayesa kutseka mpata umenewu. Mu 2013 anafalitsa zimene anapeza pa mbewa zazimuna zomwe ankazinunkhizitsa fungo la acetophenone n'kuzigwiritsa nyesi ya magetsi kumapazi. Ana ndi zidzukulu, osagwidwapo ndi nyesi, ankadzidzimuka kwambiri fungolo likamveka. Ngakhale ana opangidwa pophatikiza umuna ndi dzira mu labotale, osaonanapo ndi bambo, anali ndi kusintha m'mbali ya ubongo yomva fungolo. Chimene chinadutsa, ngati chinadutsadi, ndi kumva fungo mwamsanga, osati kukumbukira ululu. Akatswiri ena anakayikira ziwerengero za kafukufukuyu, ndipo za momwe uthenga ungachokere m'mphuno n'kukafika mu umuna akukanganabe mpaka lero.

Ndine mkulu wako.