ANA ACHISAMBA A NJANJI

Malume anga anakalambira m'wekishopu ya sitima zapamtunda ku Limbe, ndipo atamwalira sanasiye ng'ombe kapena nyumba ya malata. Anasiya sutikesi yachitsulo, ndipo mmenemo munali maovolosi aŵiri, masipanala, ndi mulu wa magazini achingerezi okamba za njanji, amene mzungu wina wa kuntchito kwawo anawasiyira pobwerera kwawo. Achibale atagaŵana zovala ndi masipanala, magazini aja anasoŵa mwini. Amayi anati akhale oyatsira mbaula, koma ine, amene nthaŵiyo ndinali mu Sitandade 6 ndipo ndinkaŵerenga chilichonse ngakhale pepala lokulungira usipa, ndinawabisa kunsi kwa mphasa.

M'magazini ameneŵa ndimo ndinadziŵira kuti mitu ya sitima nayonso ili ndi ana achisamba. M'chaka cha 1955 akuluakulu a British Railways anagamula zosiya sitima za malasha kuti ayambe za dizilo ndi za magetsi. Makampani opanga mitu ya sitima atamva zimenezi anadziŵa kuti kugwa phwando, koma wogula sagula mbuzi ili m'thumba. Tsono kampani inkayamba yapanga mutu umodzi wokha ndi ndalama zake, niupereka kwa eni njanji kuti auyese pa mitunda ndi m'zigwa, ndi katundu wolemera ndi wopepuka, mpaka zofooka zake zonse zioneke. Eni njanji akakhutira, ankaitanitsa mitu makumimakumi yokonzedwa bwino potsata zimene aphunzira. Akapanda kukhutira, ankapita kwina. Koma kaya akhutire kaya asakhutire, mutu woyamba uja unkatsala wokhawokha, wopanda mnzake wofanana nawo, ndipo chitsulo chake chikathyoka panalibe shelefu yokatengapo china.

Woyamba kundigwira mtima unali Lion, wa nambala D0260, umene unapangidwa m'chaka cha 1962 ku Smethwick pafupi ndi Birmingham. Anaupaka utoto woyera mbee, chinthu chodabwitsa m'dziko limene masiteshoni ake anali akuda bii ndi mwaye wa malasha. Injini yake inali ya kampani ya Sulzer ndipo za magetsi zinali za AEI. Maina aŵiriŵa sanali achilendo m'nyumba mwathu, pakuti mitu ya dizilo imene inafika pa njanji ya dziko lino kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, imene malume ankaloŵa kunsi kwake ndi sipanala, inali ya AEI yokhala ndi injini za Sulzer. Ndinkamva ngati Lion ndi msuweni wa sitima zimene ndinkazikweza mkono zikamadutsa. Koma eni njanji anasankha mutu wa kampani ya Brush, umene anapanga 512 yathunthu, ndipo Lion anauchotsa pa ntchito usanakwanitse zaka ziŵiri, kenaka nauphwasula. Kampani imene inaupanga nayo sinakhalitse.

Inalipo ina. Panali nambala 10100, wa Mtsamunda Fell, umene unali ndi injini zinayi zokokera limodzi kudzera m'magiya, ndi zina ziŵiri zongothandiza zinzakezo kupuma. Unapsa pa siteshoni ya Manchester Central m'chaka cha 1958 ndipo palibe anayesanso nzeru imeneyo. Panali Falcon wa m'chaka cha 1961, umene unagwira ntchito mokhulupirika mpaka 1975, nudulidwa zidutswa chaka chotsatira chifukwa kusamala mutu umodzi wosiyana ndi ina yonse kunali kodula. Ndipo panali Kestrel, umene chithunzi chake ndinachimata pakhoma ndi phala. Unatuluka m'fakitale ya Brush ku Loughborough kumapeto kwa 1967, wachikasu kumwamba, wofiirira kunsi, ndi injini imodzi ya Sulzer ya mphamvu ya akavalo 4,000. Anaupangira liŵiro la mailosi 125 pa ola, koma unalemera kwambiri pa magudumu ake kotero kuti eni njanji sanaulole kuthamanga chotero. Maganizo awo anali atayamba kale kupita ku mitu iŵiri yopepuka, wina kutsogolo wina kumbuyo, imene inadzayamba kunyamula anthu m'chaka cha 1976. M'chaka cha 1971 Kestrel anaugulitsa ku Soviet Union, naukweza m'chombo, ndipo ku Britain sunabwererenso. Ndili mwana ndinkagona ndikuuganizira uli wokha m'chisanu, pakati pa anthu a chilankhulo china, ngati amuna a kwathu amene anapita ku Wenela osamvekanso.

Chithunzi cha Kestrel chinali pamwamba pa mphasa imene ndinkagona ndi achimwene anga, ndipo pano ndiyenera kunena za iwo, chifukwa popanda iwo nkhani ino ikanangokhala ya zitsulo.

Achimwene ndi achisamba m'banja mwathu, ndipo amandiposa ndi zaka zisanu. Pa iwo ndi pamene bambo anaphunzirira ubambo. Mkwapulo umene ine ndinangoumva mbiri, iwo anaulaŵa sabata ndi sabata. Iwo ndiwo anayamba kutumizidwa kusukulu, ndipo makolo athu, amene sukulu sanapite nayo patali, anadziŵira pa iwo kuti yunifolomu imagulidwa liti, kuti mwana wolemba mayeso sapatsidwa khasu m'maŵa, ndiponso kuti fizi ya teremu yachitatu imafika nthaŵi imene nkhokwe yayamba kuoneka pansi. Zolakwa zonse zinachitikira pa iwo. Pofika ine, njira inali italambulidwa, monga muja woyamba kudutsa m'tchire m'maŵa amasasa mame ndi miyendo yake, otsatira nafika ouma.

Anali anzeru kundiposa, ndipo sindikunena izi mwaulemu chabe. Masamu amene ine ndinkalira nawo iwo ankawachita pamtima akusenda chinangwa. Koma ali Fomu 2 bambo anadwala nasiya ntchito, ndipo masiku amenewo ngakhale pulayimale inali yolipira, pakuti yaulere inadzayamba m'chaka cha 1994. Ndalama zinali zokwanira mwana mmodzi. Sindikumbuka kuti panakhala msonkhano uliwonse. Ndimangokumbuka kuti teremu itatsegulidwa iwo sananyamule sutikesi, ndipo patapita sabata ziŵiri anapita ku Ndirande kwa mmisiri wina kukaphunzira kukhoma zidebe ndi kuwotcherera. Fizi yanga yonse ya sekondale inachokera m'mbaula, m'ndowa ndi m'mafelemu a mawindo. Ine ndinalandira monga mwana alandirira nsima, osafunsa kuti chimanga chinalimidwa ndi yani.

Patapita zaka zambiri ndinapeza mwayi wokachita maphunziro mumzinda wa Durham ku England. Loŵeruka lina ndinakwera sitima kupita ku Shildon, tauni yaing'ono kumene njanji ya Stockton ndi Darlington inayambira ulendo wake woyamba m'chaka cha 1825, ndipo kumene kuli nyumba yaikulu yosungiramo sitima zakale. Nditangoloŵa ndinauona: wobiriŵira ngati thambo, ndi mizere yotuŵira yopindika pamphuno ngati ndevu za mphaka, dzina lake litalembedwa m'mbali, DELTIC. Ndinaudziŵa monga udziŵira munthu amene unangomuona pa chithunzi cha ukwati wa makolo ako.

Mwa ana achisamba onse, uwu ndiwo unachita mwayi. Kampani ya English Electric inaupanga ku Preston m'chaka cha 1955, niikamo injini ziŵiri za Napier zimene poyamba zinapangidwira maboti othamanga a asilikali apamadzi. Kapangidwe ka injiniyo nkosiyana ndi ka galimoto imene mumaidziŵa. Taganizani mafuwa atatu a pamoto. Pa fuwa lililonse pali kilankishafuti, ndipo pakati pa fuwa ndi fuwa pagona silinda. M'silinda iliyonse muli mapisitoni aŵiri oyang'anizana, amene amathamangirana ngati atonde ofuna kugundana mitu, koma asanakhudzane mafuta amaphulika pakati pawo ndi kuwabweza. Mukandandalika magulu asanu ndi limodzi otere mupeza masilinda 18 ndi mapisitoni 36 m'injini imodzi. Dzina lakuti Deltic linachokera ku chilembo cha Chigiriki chotchedwa delta, chimene chili ndi ngodya zitatu. Phindu lake linali mphamvu zambiri m'thupi lopepuka: akavalo 3,300 m'mutu wa matani 106, chinthu chimene mutu wina uliwonse wa dizilo sunkachifika masiku amenewo.

Unayenda mailosi oposa 400,000 ukuyesedwa. Eni njanji anakhutira naitanitsa mitu 22, imene inaloŵa m'malo mwa mitu 55 ya malasha pa njanji ya pakati pa London ndi Edinburgh, ikuthamanga mailosi 100 pa ola. Koma m'chaka cha 1961, chaka chomwecho chimene azing'ono ake anayamba ntchito, Deltic woyamba anauchotsa pa ntchito injini yake itawonongeka kwambiri, ndipo panalibe amene anaona chifukwa choikonzera. Zimene ankafuna kudziŵa anali atazidziŵa. M'chaka cha 1963 anaupereka ku Science Museum ku London, ndipo kuchokera pamenepo sunayendenso ndi mphamvu zake. Pamphumi pake pali malo a nyali yaikulu, imene anaikonzera poyembekeza kuti mitu yotere idzagulidwa ndi maiko akunja. Nyaliyo sanaiikemo.

Ndinaima pamenepo nthaŵi yaitali, ana a azungu akundidutsa ndi makolo awo. Ndinakumbuka DP2, mng'ono wake wa m'chaka cha 1962, umene unavala thupi la Deltic koma ndi injini ya mtundu wina. Umenewo unkagwira ntchito bwino kwambiri mpaka pa 31 July 1967, pamene unawomba mabogi a simenti amene anagwa pa njanji pafupi ndi Thirsk, anthu asanu ndi aŵiri namwalira. Sanaukonzenso, koma injini yake anaichotsa naiika m'gulu la mitu 50 imene inapangidwa potengera iwo. Ndili chiimire choncho ndinayamba kuŵerengera, kwa nthaŵi yoyamba m'moyo wanga, kuti mbaula zingati zimakwana fizi ya teremu imodzi. Ndinali ndi zaka zoposa makumi anayi, ndi madigiri aŵiri, ndipo samu imeneyi ndinali ndisanaichitepo. Ndinatuluka panja chifukwa m'maso munayamba kundiŵaŵa.

Nditabwerera kumudzi kuno ndinapita ku Ndirande. Ndinawapeza achimwene ali chogwada, akuwotcherera geti, nkhope ataitchinga ndi kagalasi kakuda. Tinakhala pa benchi, ndipo ndinatulutsa foni ndi kuwaonetsa zithunzi. Ndinawafotokozera za mafuwa atatu ndi atonde aja, ndipo anamva msanga kuposa mmene ine ndinamvera, mpaka anandifunsa funso limene linandisoŵetsa chonena, lakuti makilankishafuti atatuwo amazungulira mbali imodzi onse kapena ayi. Ndinadzapeza pambuyo pake kuti imodzi imazungulira mobwerera, ndipo popanda zimenezo injiniyo singayende. Iwo anaziona ndi maso okha pa kachithunzi ka pa foni.

Kenaka ndinalankhula zimene ndinabwerera. Ndinali nditazikonza bwino m'ndege. Ndinati iwo ndiwo Deltic wa banja lathu, kuti pa iwo ndi pamene zonse zinayesedwa, kuti ife tinathamanga chifukwa iwo anaima.

Anandiyang'ana, nafunsa, "Chimenechi chimalira?"

"Ayi, achimwene. Chinasiya kale, mu 1961."

"Ndiye anthu amapita kukaona chiyani?"

"Kukachiona basi. Amachipukuta, amachisamala. Ndi ulemu."

"Iwe," anatero akuseka, "wapita ku England konse kuja kukandipezera chitsulo chakufa? Ine geti ili alifuna Lachisanu. Ukafuna kundiika m'nyumba ya magalasi udikire ndife kaye."

Ndinachita manyazi, ndipo manyaziwo ndikali nawo. Ndinazindikira kuti fanizo langa, ngakhale linali lokoma m'kamwa, linali londipeputsira ine katundu. Mutu wa sitima susankha. Amaupanga, amauyesa, amautaya. Achimwene anali mnyamata wa zaka 16 amene anaona mmene zinthu zinalili m'nyumba, nasiya sutikesi yake pansi mwadala. Kuwatcha choyesera kunali kuwalanda chinthu chokhacho chimene chinali chawochawo pa nkhani yonseyi. Ndiponso chinthu cha m'nyumba yosungiramo zakale sichikhala ndi ngongole kwa munthu, ndipo munthu sakhala nacho ngongole. Umangochiyang'ana, numva chisoni chokoma, nukwera sitima kubwerera. Mwina nchifukwa chake fanizolo ndinalikonda.

Sindinawapepese, chifukwa kwathu mng'ono sapepesa mkulu wake ndi mawu ambiri. Ndinafunsa za mwana wawo wamkazi, wachisamba, amene chaka chimenecho anali Fomu 2, ndipo ndinamva kuti teremu yapitayo anakhala kunyumba sabata zitatu kudikira fizi. Palibe anandiuza. Ndinafunsa chifukwa chake, ndipo anati, "Unali kutali, ndipo uli ndi ako." Tinakangana pang'ono, iwo akukana, ine ndikuumirira, mpaka anati ndichite zimene ndafuna koma mwanayo asadziŵe kuti zachokera kuti, angayambe kudziona ngati wamasiye atate ake ali moyo.

Magazini a malume anadyedwa ndi chiswe kalekale, ndipo chithunzi cha Kestrel chinapita ndi khoma la nyumba yakale. Chithunzi cha Deltic achimwene anandiuza kuti ndiwatumizire pa foni yawo. Ndinayesa kuti mwina fanizo lija lawakhudza mochedwa, koma ayi. Akuti akufuna kuonetsa anyamata awo a pa shedi mmene azungu anakhomera mphuno ija, chifukwa kupinda chitsulo chotero popanda makwinya si ntchito yamaseŵera.