Miyendo yanga inafa madzi ataphwa kale

Ndine mayi wa ana atatu, kwathu ndi ku Makhanga, kwa Mfumu Yaikulu Mlolo m'boma la Nsanje. Ndikuchitira umboni za nthenda imene inandigoneka pamphasa popanda bala kapena malungo, ndipo lero ndikuyenda ndi miyendo yanga.

Mu Januwale 2015, Ruo ndi Shire atasefukira, madzi anatipeza usiku. Ana tinawakweza mumtengo wa mango n'kuwamangirira kunthambi ndi chitenje. Mayi anga analephera kukwera. Ndinawagwira pamkono, ndikukoka ndi mphamvu zanga zonse, koma madzi anandilanda. Mtembo wawo sitinauone, ndipo manda awo kulibe.

Ku kampu ya ku Bangula sindinagwetse msozi. Ndinkaima pamzere wa ufa, kuphika, kuchapa, anthu n'kumandiyamikira kuti ndine wolimba mtima. Zachilendo zinayamba titabwerera kumudzi. Ndinkangozindikira ndili pamjigo, ndowa ili m'manja, osadziwa kuti ndafika bwanji. Nthawi zina mawu a ana anga ankamveka ngati akuchokera kutsidya kwa mtsinje, chonsecho ali pamwendo panga. Mvula yoyamba ya dzinja lotsatira itagwa ndi mabingu, ndinadzuka m'mawa miyendo ili zii, wakumanzere osasuntha n'komwe.

Azakhali anati ndi malombo, ng'oma zinalira usiku wonse, mbuzi inapita. Ena anati ndalodzedwa chifukwa cha munda wa kudimba. Kuchipatala chaching'ono anandiyeza malungo, shuga ndi BP, osapeza kanthu, n'kundipatsa panado. Chimene chinandipweteka koposa ndi mawu a alamu anga: "Mlamu, adokotala akuti mulibe matenda. Dzukani, musatichititse manyazi."

Amuna anga sanagwe mphwayi mpaka tinapeza kalata yopita kuchipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre. Kumeneko dokotala anandigogoda mabondo ndi kanyundo, miyendo n'kudumpha bwinobwino. Kenako anaika chikhatho chake pansi pa chidendene cha mwendo wakufawo, n'kunena kuti, "Mayi, kwezani winawu." Ndikukweza wakumanja, chidendene chakumanzere chinakanikiza dzanja lake mwamphamvu. Ndinadzimvera ndekha. Anandifotokozera kuti mitsempha ndi mafupa zili bwino, koma ubongo ukasenza mantha ndi chisoni choposa msinkhu, umatha kudula uthenga wopita kuchiwalo, munthu osachitira dala. Wina amasiya kulankhula, wina kuona, wina amagwa n'kumaphupha ngati wakhunyu, wina amaiwala zimene zachitika, wina amangomva kuphwanya m'thupi kosapezeka pomuyeza. Kawirikawiri gwero lake ndi ngozi, imfa yadzidzidzi, kugwiriridwa, nkhanza za paubwana kapena za m'banja, ngakhale kwa ena gwerolo silioneka. Kenako anandifunsa funso limene palibe anali atandifunsapo: "Usiku wa madzi uja, munaona chiyani?"

Ndinalira maliro a mayi anga tsiku limenelo, pabedi lachipatala.

Kuchira sikunabwere tsiku limodzi. Namwino wa matenda a maganizo ankakhala nane pansi, ine n'kumafotokoza pang'onopang'ono, mpaka ndinatulutsa chimene ndinkabisa: ndinkakhulupirira kuti ndinawataya dala mayi anga kuti ndipulumuke. A mafizo anandiphunzitsa kuima, kenako kuponda. Kunyumba amuna anga anamanga nsungwi pakati pa mitengo iwiri, ndipo m'mawa uliwonse ndinkayenda mogwirira, mwana wanga wamkulu akuwerenga mapazi. Amayi a kumpingo anabwera kudzachita mwambo wa mapemphero okumbukira malemuwo, popeza maliro enieni sitinalire. Mapemphero ndi chipatala sizinalimbane pa ine, ndipo ndikuthokoza Mulungu pa zonse ziwiri.

Namondwe wa Freddy atafika mu Malichi 2023, mtima unathamanga, maondo ananjenjemera, koma ndinabereka mdzukulu wanga kumsana n'kuyenda mpaka kumtunda.

M'Chigwa cha Shire muno madzi atizunza mu 2015, 2019, 2022 ndi 2023. Timawerenga nyumba zogwa ndi ng'ombe zokokoloka, koma anthu odwala ngati mmene ndinadwalira ine sitiwawerenga. Abale anga, wanu akagwa, akasiya kulankhula kapena kuyenda, thamangirani naye kuchipatala akamuyeze bwino, chifukwa khunyu ndi sitiroko zili ndi chithandizo chakechake. Akakuuzani kuti sanapeze kanthu, musamunene kuti akunamizira. Pemphani kuonana ndi namwino wa matenda a maganizo pachipatala cha boma ku Nsanje kapena ku Chikwawa, ndipo inu eni khalani naye pansi mumumvetsere.