Ulendo wa ku Mua: Tidakaona Mwana wa pa Chithunzi

Kwa zaka 6 tidakhala tikusunga chithunzi cha mtsikana wina m'kaundula wa komiti yathu yothandiza ana ovutika. Pa chithunzipo adaima chilili pafupi ndi khoma la njerwa, manja ali m'mbali, nkhope yosamwetulira. Dzina lake tinkalidziŵa, kalasi yake tinkaidziŵa, ngakhale nambala ya nsapato zake tidailemba. Koma mwini wakeyo tidali tisanamuonepo ndi maso. Ntchito yathu idali yolandira ndalama zochokera kwa mayi ena achikulire a ku Scotland, kuzitumiza kwa agogo a mwanayo kuchigwa, ndi kumasulira makalata. Mtsikanayo ngosamva, ndipo amaphunzira pa sukulu ya ana osamva ya ku Mua.

M'mwezi wa Juni chaka cha 2024 mayiwo adafika kwathu pamodzi ndi anzawo a mumpingo mwawo, kudzatithandiza kufolera chipinda chophunziriramo. Tsiku lachitatu adatifunsa kuti, "Kodi kumene kuli mwana wanga nkutali bwanji?" Tidayankha kuti pa galimoto sipatha maola atatu. Iwo adangoti, "Ooh," osawonjezapo kanthu, koma ife tidagwetsa nkhope.

Tidanyamuka m'mamaŵa, chisanu cha ku Dedza chikuluma zala. Aliyense adadzikuta jekete. Titapitirira ogulitsa mbatata ya kachewere m'mbali mwa mseu wa M1, tidakhota pa Masasa ndi kuyamba kutsetsereka mapiri a Khwekhwelere. Mseuwu ngokhotakhota ngati njoka, ndipo woyendetsa galimoto adaleka nthabwala zake zonse, maso ali patsogolo. Pa gulaye wina tidaona chigwa chonse chitayalidwa pansi pathu, nyanja ikung'anima kutali ngati lata latsopano. Boma la Dedza lili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,600, pamene nyanja ya Malaŵi siyifika ngakhale mamita 500. Motero munthu amatsika koposa kilomita yathunthu asanathe ora limodzi. Pofika pa Golomoti majekete onse adali atavulidwa. Mitengo ya paini idatsala kumwamba, tsono tidayamba kuona malambe, minda ya thonje, ngolo za ng'ombe, ndi njanji yopita ku Salima. Pamenepo tidaloŵa mseu wa M5 kulunjika kumpoto.

Mua Mishoni ili patsinde penipeni pa mapiri, m'mphepete mwa mtsinje wa Nadzipokwe. Ansembe a Katolika otchedwa White Fathers adakhazikitsa malowa m'chaka cha 1902, patapita zaka 13 kuchokera pamene atumiki oyamba a mpingo wathu adafika ku Mvera mu 1889. Pali tchalitchi, chipatala, ndi nyumba zakale za njerwa zamakhonde aakulu. Kale padalinso malo osamalirako odwala khate. Alendo ambiri amadzera pa Kungoni, malo a zosemasema ndi chikhalidwe amene Bambo Claude Boucher a ku Canada adayambitsa mu 1976, ndiponso nyumba ya Chamare yosungiramo mbiri ndi miyambo ya Acheŵa, Angoni ndi Ayao. Tidaloŵamo mwachidule chabe, pakuti mayi athu aja mtima udali kwina. Ankangoyang'ana wotchi, chithunzi chija chili m'manja.

Ife tinkaganiza kuti pa sukulu ya ana osamva pamakhala zii. Tidanama. Tidapeza mapazi ali didididi pabwalo, ana akuseka, ena akukuwa, manja ali m'malere kukambirana nkhani zimene ife sitidatolepo ngakhale liwu limodzi. Tidapita monga omasulira, titadzidalira ndithu, poti Chingerezi taphunzitsa zaka zoposa 30. Koma tsiku limenelo osamva tidali ife. Akadapanda mphunzitsi wina wachinyamata wa pamenepo, tikadabwerako chimanjamanja.

Atamuitana mtsikanayo, mayi aja ankayang'ana pansi, kufuna kamwana ka pa chithunzi. Koma amene adatulukira adali namwali wa zaka 14, wamtali kuposa iwo. Mayiwo adatambasula manja kuti amukumbatire. Iye adagwada, napereka dzanja lamanja atagwira chigongono ndi lamanzere, maso ali pansi. Tidaona nkhope ya mlendo ikugwa, ndipo tidaŵanong'oneza kuti, "Mayi, sakukukanani ayi. Umenewo ndi ulemu waukulu wa kwathu kuno."

Mayiwo adali ataphunzira pang'ono chiyankhulo chamanja kwawo, tsono adayamba kutchula dzina lawo ndi zala za manja onse aŵiri monga achitira ku Britain. Mtsikanayo adayang'anitsitsa, nakwinya nkhope, kenaka adaphulika kuseka. Mphunzitsi uja adatifotokozera kuti chiyankhulo chamanja sichimodzi pa dziko lonse. Dziko lililonse lili ndi chake, ndipo cha kuno ku Malaŵi nchosiyana ndi cha ku Britain. Pompo mwana adagwira zala za mlendo wake, nayamba kuzipinda chimodzichimodzi, kuŵaphunzitsa. Manyazi onse adathera pamenepo.

Kenaka adathamangira ku nyumba yogona, nabwera ndi jumbo yapulasitiki yomanga bwino. M'menemo mudali makalata onse a zaka 6, atasanjidwa mwandondomeko, pamodzi ndi zithunzi. Adatulutsa chimodzi chimene padali mayiwo ndi amuna awo ataima pakhomo, naloza bamboyo, nafunsa ndi manja kuti, "Nanga aŵa atsalira chiyani?"

Padakhala bata. Mayiwo adatiyang'ana ife, pakuti adadziŵa kuti adalemba kalata yonena za maliro a amuna awo miyezi 8 m'mbuyomo. Aŵerengi okondedwa, kalata imeneyo idali ikadali m'kabati mwathu. Tidaimasulira ndithu, koma tidati tidzaitumiza pamodzi ndi ndalama za teremu, kenaka tidaiŵala. Tidavomera pamaso pa onse kuti cholakwa nchathu. Mphunzitsi atamufotokozera mwanayo, iye sadachite chizindikiro china chilichonse. Adakhala pansi pafupi ndi mayiwo, naŵagwira dzanja nthaŵi yaitali. Iyenso ndi wamasiye. Amake adamwalira iye ali wamng'ono. Apo sipadafunike womasulira.

Tisananyamuke, ana adatipatsa maina. Pakati pa anthu osamva munthu amapatsidwa chizindikiro chakechake, kaŵirikaŵiri chochokera pa maonekedwe ake. Mayi aja adaŵatcha ndi chala chozungulira diso, chifukwa cha magalasi awo. Ife adatitcha ndi chikhatho chosisita pamutu. Dazi silibisika.

Madzulo ake tidapita kumudzi kwa agogo a mwanayo, chakufupi ndi Mtakataka, m'dera la Mfumu Kachindamoto. Tidaŵapeza akupeta mpunga pakhonde. Atatiyalira mphasa ndi kutilonjera, tidadzitchula. Iwo adaomba m'manja nati, "Kani aphunzitsi otumiza ndalama aja ndinu? Ine ndinkayesa kuti inunso mumakhala ku Ulaya komweko." Adanena mosanyoza konse, koma mawuwo adatilasa.

Adatisimbira kuti mdzukulu wawo adabadwa bwinobwino, ndipo adali atayamba kale kuyankhula. Ali ndi zaka zitatu adadwala malungo aakulu, nakomoka masiku angapo. Pochira adapezeka kuti sakumva. Ena m'mudzimo ankati ngopusa, ena ankati adalodzedwa. "Chimene chimandipweteka," adatero agogowo, "nchakuti akabwera ku tchuthi amakhala yekhayekha. Ine ndimangoloza mtsuko, ndimangoloza nkhuni. Zimene zili mumtima mwake sindizidziŵa. Sukulu ikamatsegulidwa iye amakondwa, ine ndimatsala ndikulira."

Pakhomo padaima ana ena aŵiri, adzukulu a agogo omwewo, amene maina awo sali m'kaundula wa munthu aliyense. Tidamva kuti bulangete limene tidatumiza chaka chathacho silidapite ku sukulu. Amafunda aŵiriwo pamodzi ndi agogo awo. Mayi a ku Scotland atamva izi sadakwiye. Adati akadakhala iwo akadachitanso chomwecho.

Potsazikana agogo adagwira nkhuku yathadzi, naimanga miyendo ndi luzi, naipereka kwa mlendo. Mayiwo adabwerera m'mbuyo, nati sangalande nkhuku kwa munthu wosauka chotere. Tidaŵauza kuti, "Mayi, landirani ndi manja aŵiri. Zaka 6 akhala akulandira kwa inu. Lero aloleni nawonso apereke." Adailandira, ndipo nkhukuyo idakwera nafe Khwekhwelere ili pamiyendo pawo.

Akuluakulu adati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Padafunika munthu wochokera kutsidya kwa nyanja kuti atitsitse phiri limene takhala pamwamba pake moyo wathu wonse. Ndalama tinkaŵerenga molondola, malisiti tinkasunga, koma mwana tidamusandutsa mzere wa m'kaundula.

Tsono kwa makolo tikuti: mwana akatentha thupi, musagone naye kudikira maŵa, pakuti malungo aakulu, matenda oumitsa khosi ndi chikuku angathe kumugonthetsa makutu. Mwana akamatuluka mafinya m'khutu, pitani naye ku chipatala, osathiramo zitsamba kapena mafuta. Katemera musamuphonye. Ndipo ngati mwana samva, musamubise kuseri kwa nyumba, nzeru zake nzonse. Kuwonjezera pa Mua, sukulu za ana otere zilipo ku Maryview m'boma la Chiradzulu, ku Mountain View m'boma la Thyolo, ndiponso ku Embangweni ndi ku Bandawe kumene abale athu a Sinodi ya Livingstonia adazikhazikitsa. Aphunzitsi ake amasulidwa ku koleji ya Montfort ku Nguludi. Kwa achinyamata tikuti: ena mwa inu kaphunzireni ntchito imeneyi, pakuti ana osamva alipo m'midzi mwathu, ndipo ambiri sadapondepo pa sukulu.

Mwana wa mnzako ngwako yemwe, ukachenjera manja udya naye. Mwambi umenewu tidaumva mwatsopano ku Mua, kumene manja ndiwo pakamwa. Komiti yathu idagwirizana kuti teremu iliyonse mmodzi wa ife azitsika yekha ndi makalata m'thumba, ndipo tidalembanso maina a ana aŵiri aja. Ulendo wachiŵiri tidapita tokha pa minibasi, titatenga kalata yochedwa ija. Mtsikanayo atationa patali adasisita pamutu pake ndi chikhatho, akuseka, ndipo ife tidamupatsa moni ndi manja athu ouma aŵa. Adatikonza kaŵiri.